Mayi Perpetua Ametepe ndi Makina Opumira

Bambo mfumu andipempha kuti ndilembe za Mayi Perpetua Ametepe m'kalata ya parishi. Ndavomera, ngakhale eniakewo akanati ndikuwononga pepala.

Anabadwira ku Kpando konkuno mu 1948. Makolo awo atamwalira, analeredwa ndi katekisi wokalamba amene ankadziwa pamtima nyimbo zamaliro makumi anayi za m'chinenero chathu cha Ewe, zosalembedwa m'buku lililonse. Mwanayo anaziloweza zonse akusesa m'tchalitchi.

Atakula anakwatiwa ndi msodzi, yemwe anamira m'nyanja ya Volta ana awo anayi akadali aang'ono. Anawalera pogulitsa abolo, timikate tachimanga tija, pasiteji ya basi. Kwa zaka makumi asanu anatsogolera nyimbo pamaliro a Mkhristu aliyense, wolemera kapena chidakwa. Ankati, "Manda sasankha, ndiye ine ndisankhirenji?" Ife tinkangoyankha kolasi, ndime zonse n'kuwasiyira iwo. Ndikunena izi ndi manyazi.

Mu 2021 beseni la abolo linayamba kuwapulumuka m'manja. Dokotala anati ndi matenda osachiritsika ofoola mitsempha yoyendetsa minofu. Miyendo inatsatira, kenaka chifuwa. Ankadzuka mutu ukuwawa. Anatiitana ife amayi a bungwe la Anna Woyera nati, "Tengani nyimbozi ndisanapite nazo." Koma mpweya unkawathera pamzere wachiwiri.

Achipatala anafuna kuwagoneka kuti awayambitse makina othandiza kupuma. Anakana: "M'wodimo ndikaphunzitsa ndani?" Choncho namwino Sitsofe Kludze anabwera nawo kunyumba makinawo, pamodzi ndi batire lothandiza magetsi akathima. Anafotokoza kuti chophimba mphuno ndi pakamwa chiziwapatsa gbogbo. Tsono kwathu kuno liwu limeneli ndi mpweya, ndiponso ndi Mzimu.

"Gbogbo ndinalandira kwa ambuye episkopi ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri," anatero mayiwo. "Wa m'batireyo kapatse achikunja."

"Agogo, sindikutanthauza zimenezo."

"Nyamula chiwiya chako, mwanawe."

Anakana masiku atatu, ife mitima ili m'mwamba chifukwa mawu awo ankacheperachepera. Tsiku lachinayi Sitsofe anabweranso, nakhala pafupi nawo.

"Agogo, moto wa abolo ukamazilala munkatani?"

"Ndinkaukupiza. Funso lanji limenelo?"

"Ndiye kuti motowo unali wa chikupizo?"

Mayiwo anati, "Mwana wa Kludze, pakamwa ngati bambo ako. Bweretsa."

Sizinali zophweka. Mphepo itawakankha kummero anachita mantha, misozi n'kutsika, koma anagwedeza mutu kuti tisachotse. Tsiku loyamba anapirira nacho kwa nthawi yopemphera Tikuoneni Maria khumi. Tsiku lachitatu anamaliza kupemphera korona yense, ndipo sabata isanathe ankagona nacho chophimbacho. Mutu unasiya kuwawa.

Kuyambira pamenepo, Misa ya m'mawa ikatha, tinkasonkhana amayi asanu ndi atatu pakhonde pawo. Tinkawavula chophimba, iwo n'kuimba mzere umodzi, n'kuwavekanso ife tikubwereza ndi kulemba. Ine ankandiuza kuti, "Viktoria, ukulira ngati mbuzi yapachingwe. Yambiranso." Mphuno yawo inachita bala chifukwa cha chophimbacho, koma sanalole kuti tijombe ngakhale tsiku limodzi.

Patapita miyezi khumi ndi umodzi tinali titatenga nyimbo makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi. Ya makumi anayi anatipatsa ndime zitatu, mawu n'kutheratu. Ndime yachinayi anayesetsa kuitchula ndi milomo yokha masiku asanu, ife osamva kanthu. Zinandiwawa kwambiri, ndipo zikundiwawabe.

Analandira masakramenti Lolemba. Lachiwiri masana anatisiya mwamtendere pampando wawo, ana awo atawazungulira, korona ali pamiyendo. Ambuye awalandire mu mpumulo wawo.

Pamaliro awo tinaimba nyimbo yomalizayo. Titafika pandime yachinayi tinakhala chete, tchalitchi chonse chete, kwa nthawi yonse imene iwo akanaiimba. Kenaka tinayankha kolasi.