Chombo cha Asilikali ndi Pasipoti ya Mwana Wanga

Lamulungu tikachoka ku tchalitchi, magetsi akakhalapo, mwana wanga wachisamba ankayatsa kanema m'kanyumba kathu ku Chikanga. Ankakonda sewero la asilikali oyenda pa chombo kukafufuza maiko a ku nyenyezi. Ine sukulu ndinalekezera panjira, ndiye ankandimasulira, Chichewa pang'ono, Chishona chambiri.

M'seweromo munali mayi wina wa ku nyumba ya malamulo, wovala magalasi, amene ankakaniza chombo kunyamuka. Ankati akuluakulu a asilikali ayambe afotokoza za anyamata amene anasowa pa ulendo woyamba.

"Mayi ameneyu ndi mfiti," ankatero mwana wanga. "Anthu akufuna kukaona zatsopano, iye kakaka ndi mapepala."

"Iwe, mfiti imafunsa za ana a eni?"

"Amayi, inu mukanakhala boma, bwenzi palibe wofika ngakhale ku Zimunya, pafupi pomwepa."

Tinkaseka, koma mtima wanga sunali m'malo. Masiku amenewo iye anali atapangana ndi anzake zopita ku Joni kukafuna ntchito, kuwoloka Limpopo ndi miyendo, opanda pasipoti. Ndinali nditamuletsa mpaka mawu kunditheratu.

Lamulungu lina chombo chija chinanyamuka mozemba, popanda chilolezo, ndipo pobwerera chinasiya msilikali mmodzi yekhayekha ku dziko la mchenga wofiira. Sewero litatha tinakhala pansi kuti tidye, ine nkuyamba pemphero. Sindidziwa chinandigwira. Ndinangozindikira ndikuti, "Ambuye, kumbukirani mnyamata uja wasiyidwa kumchenga. Palibe pepala lolemba kumene ali, amayi ake akamufunsa kwa yani?"

"Amayi, ndi sewerotu limeneli," ananong'ona akuseka.

Sindinaleke. Ndinapempherera madzi ake akumwa, mapazi ake, ndi amayi akewo, misozi ili chuchuchu. Pofika pa ameni kuseka kunali kutatha. Anadya pang'ono, ali zyoli.

Kutacha anandifunsa kumene ndinasunga chikalata chake chobadwira. Anzake anapita, iye anatsala. Pasipoti inachedwa miyezi yambiri, iye akuitanira anthu pa makombi, maminibasi a kuno, akung'ung'udza tsiku ndi tsiku. Koma ananyamuka pa basi, masana, nkudutsa pa mlatho wa Limpopo ngati munthu. Mulungu ndimuyamika bwanji ine?

Mpaka lero amaimba foni Lamulungu lililonse, akundiyesa mayi wa magalasi wa m'sewero uja. "Anduna, lipoti nali: ndadya, ndapemphera, ndili moyo."

Za msilikali uja sindinamve ngati anakamutenga. Ndimamutchulabe nthawi zina.