Ndinagunditsa Achimwene Mawaya a Magetsi

Inu owerenga, achimwene anga sanafe ndi matenda. Ndinawapha ndine, ndikuganiza kuti ndikuwachiza.

Nkhondo yaikulu itatha ndinapita ku Halale, komwe ndinkakolopa pachipatala china. Tsiku lina ndinamva madokotala awiri akukambirana kuti kunja kwayamba njira yatsopano. Ankati mtima ukasokonekera kagundidwe amaumenya ndi magetsi, umaima kamphindi, kenako n'kuyambanso kugunda bwino. Sindinafunse kanthu, ndinangozisunga m'mutu.

Nditabwerera kwathu kufupi ndi Magomero, ndinalembedwa ntchito yoyang'anira injini ya magetsi pa esiteti ina ya fodya. Achimwene ndinawapeza akudwala mtima. Akalima mizere iwiri ankakhala pansi ali wefuwefu, mtima ukuthamanga modumphadumpha. Asisitere a ku mishoni anawapatsa mankhwala akumwa n'kuwauza kuti azipuma. Ine ndinaona ngati zimenezo n'zochedwa.

Lamulungu lina anthu ali ku Misa, ndinakweza achimwene panjinga kupita nawo ku shedi ya injini, alamu anga, akazi awo, akutitsatira wapansi. Ataona mawaya awiri osenda, achimwene anakana.

"Iwe, ndibwezere kunyumba. Mankhwala aja akundithandiza."

Sindinamve. Ndinawagwetsera pabenchi n'kuwanjata ndi chingwe chomangira mabelo a fodya. Alamu atandigwira mkono ndinawamenya chibakera pakamwa, dzino linathothoka. Kenako ndinaliza injini n'kugunditsa mawaya aja pachifuwa cha achimwene.

Thupi lonse linapindika, mwendo wa benchi n'kuthyoka. Khungu linapsa, ndipo fungo lake ndimalimvabe mpaka lero. Nditachotsa mawaya, achimwene sanapumenso. Ndinabwereza kawiri kuti mwina adzuka, alamu akundikanda kumaso, magazi awo akudonthera pamalaya anga.

Dokotala amene anapima mtembo anandiuza pamaso pa apolisi kuti magetsi ochizira mtima amachita kuwayeza, ndipo amangodutsa kamodzi, mofulumira kuposa kuphethira. Anati amawagwiritsa ntchito pa mtima umene wasiya kupopa magazi, ukungonjenjemera, mwini wake atakomoka kale. Wa achimwene unkagwirabe ntchito, ndipo ndi mankhwala aja akanalera ana awo.

Ndinakhala kundende zaka zisanu ndi ziwiri. Lero ana a achimwene akandiona pamsewu wa ku Njuli amapatukira m'munda.

Inu owerenga, nzeru zongotola anthu ena akucheza musaziyesere pathupi la munthu. Pitani naye kwa amene anaziphunzira mpaka kumapeto. Ndipo wodwala akakuuzani kuti ayi, chotsani manja anu pa iye, ngakhale mutamukonda chotani.