Ndime ya mafoni a ku Mandimba

Ndisanayambe ntchito ya makompyuta ku Cuamba ndinkagulitsa mafoni akale pamalire a Mandimba, ndipo khalidwe lonenerera mtengo silinandichoke. Ngakhale madzi akumwa ndimafuna anditsitsire.

Kampani yathu yogula fodya inasamutsira mapulogalamu ake m'makontena, njira yatsopano yosungira mapulogalamu, pa gulu la makompyuta akuluakulu otchedwa maseva. Kalowedwe kanasinthanso: wotsimikiza kuti ndiwedi sanalinso maseva athu koma kampani ina yakunja, yomwe imakutumizira pafoni kodigo, nambala yachinsinsi yolowera. Ine anandipatsa ntchito yokonzanso malangizo oikira zonsezi.

Ndinalemba zofunikazo, n'kuwonjezera ndime yanga. Ku Mandimba foni imadumphira yokha pa netiweki ya ku Malawi, kodigo osafika. Alembi athu kumeneko, mayi achikulire, ankakanika kulowa m'pulogalamu, alimi ali pamzere ndi mabelo awo, ndipo ku ofesi kunayamba kumveka zoti ntchito yawakulira, achotsedwe. Ndime yangayo inkati woika makinawa atsegulenso njira ya kodigo yopangidwa m'foni momwemo, yosadalira netiweki.

A shefe, bwana wathu, anaifufuta. "Malangizo athu afanane ndi a eni pulogalamu. Zinazi n'zakumudzi."

Ndinachita za pamsika, kuyambira mtengo pamwamba. Ndinabwerera ndi ndime ija itakula kukhala mulu wa masamba, m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakuwa, komanso mapu a malo onse omwe netiweki imathawa mpaka ku Ngauma.

"Bambo, mukulemba buku la sukulu?"

"Chotsanipo Chimakuwa, a shefe. Ndakutsitsirani."

"Chotsani zonse."

"Mapu okha atsale."

"Ayi."

Ndinanyamula laputopu n'kumayenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo, monga amachitira wogula wofuna kuitanidwa. Palibe anandiitana. Ndinaima pakhonde ngati chitsiru, dzuwa likundiwamba, mpaka ndinabwerera ndekha.

"Mtengo womaliza ndi uwu," ndinatero. "Malangizo satuluka wolemba asanavomereze kuti wawayesa ndipo akugwira. Ndawayesa ku Mandimba, sakugwira. Sindivomereza. Kwerani minibasi ya chapa mukayese nokha, ndikupezerani mpando wakutsogolo."

A shefe anayamba kufewa. Ulendowo sankaufuna, ndipo wina woti n'kuvomereza m'malo mwanga kunalibe.

"Ndime imodzi, m'Chipwitikizi, pansi penipeni."

"Pamwamba. Pansi pamafika ndani?"

"Pakati."

Ndinavomera, nkhope ili ngati andibera. Mlungu wotsatira njira ija inatsegulidwa, ndipo mayi aja akuyezabe fodya ku Mandimba. Ine ku ofesi amandidziwa kuti ndine wovuta, zomwe sindinapite kukatsutsa.