Msomali Umene Unadikira Nkhope ya a Lipenga

Tsiku limene ndinamudziwa bwino mtsikanayu, ndinamupeza kuseri kwa situdiyo atakhala pansi, pafupi ndi mgolo wa zinyalala. Ankalira mosatulutsa mawu, m'manja muli filimu yonyowa, yoyera mbee ngati galasi. Pafilimu yonseyo panalibe ngakhale nkhope imodzi.

Inu amene mukuti zanu zavuta, khalani pansi ndikuuzeni. Ine ntchito yanga ndi yokhoma mafelemu a zithunzi, ndipo kashopu kanga kanali khomo ndi khomo ndi situdiyo imeneyo. Izi si zongomva ayi, ndinaona ndi maso angawa.

Mtsikanayu mayeso anali atamukana kawiri. Kwawo anali atamutaya kale m'maganizo, ati mutu wake ndi woumira. Zaka ziwiri anakhala akusesa m'situdiyomo ndi kudula tizithunzi ta ziphaso ndi sizasi, kamera n'kumangoigwira popukuta fumbi.

Ndiye linafika tsiku lokumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo. Abwana ake anali ndi ukwati wokajambula, choncho anamuponyera kamera yachiwiri.

"Upite kuperete. Madala aja akufuna zithunzi. Usandichititse manyazi."

Eee, perete wa masiku amenewo! Msewu ankautseka m'mamawa, bandi ikubwera ng'oma ikugunda mpaka m'chifuwa. Kumbuyo kwa asilikali achinyamata kunkabwera madala asanu ndi awiri amene anabwerako ku nkhondo. Majekete awo ankanunkhira mankhwala a njenjete, mamendulo ali waliwali, nsapato zong'ambika koma zopolishidwa moti n'kudzionerapo. Miyendo inkakana, koma mapewa anali chilili.

Pakati pawo panali a Sajeni, bambo wamfupi wa mawu aakulu. Panalinso mnzawo wamtali, wowonda, amene aliyense ankangowatchula kuti a Lipenga, chifukwa ndiwo ankaliza lipenga anthu akakhala chete pachipilala. Khutu lawo lamanzere linagontha ndi mizinga, choncho mutu ankaupendeketsa nthawi zonse ngati munthu womvetsera kanthu kutali.

A Lipenga anali asanajambulitseko moyo wawo wonse. Ankati anzawo amene anajambulitsa asanakwere sitima ya ku nkhondo ndi amene sanabwereko. Chaka chimenecho chifuwa chinali chitawagwira, ndipo akazi awo anawachonderera mpaka analola.

Atamaliza kuika nkhata zamaluwa, anaima patsogolo pa mtsikanayu n'kukonza tayi.

"Mwanawe, ujambule bwino. Ine sindijambulitsa kawiri."

Anajambula. Anawajambula okha, anawajambula ndi lipenga, anawajambula onse asanu ndi awiri atakhala pa benchi. Mtima unali m'mwamba.

Tsono makamera akale aja anali ndi mwambo wake. Nsonga ya filimu inkafunika ilumidwe ndi timano ta m'katimo, ndipo ukamakoka kuti ujambule china, kachitsulo ka mbali inayo kankayenera kuzungulira. Kakapanda kuzungulira, dziwa kuti filimu yangokhala phee, ukujambula mphepo. Iye chifukwa cha phuma anangotseka chitseko cha kamera osayang'ana. Nambala yowerengera zithunzi inadutsa 36 pamene filimu imathera, inafika 40, iye n'kumasangalala kuti wapeza filimu yowolowa manja.

Abwana ake atatuluka m'chipinda chotsukira zithunzi, sanakalipe n'komwe. Bola akanakalipa. Anangomupatsa filimuyo n'kumulozera khomo. Pofika madzulo msewu wonse unali utamupatsa dzina: Namphepo.

Apa ndi pamene ndimakwiya naye mpaka lero, ngakhale ndimamukonda ngati mwana wanga. Ndinamuuza kuti, "Pita mawa lomwe ukawauze madala aja, ukawajambulenso." Anavomera ndi mutu, koma sanapite. Manyazi anamutsekera m'nyumba milungu itatu.

Atalimba mtima n'kupita kwa a Lipenga, anapeza pabwalo pali phulusa la moto wa pamaliro. A Lipenga anali ataikidwa masiku anayi apitawo.

Akazi awo anamulandira ndi manja awiri, atavala zakuda. A Sajeni analinso pomwepo, atabwera kudzazonda namfedwa. Mayiwo anamulowetsa pabalaza n'kumuonetsa khoma. Pamwamba pa mpando wa malemu panali msomali watsopano, wokhomedwa bwino.

"Anakhoma okha atabwera kuperete kuja," anatero. "Mwabweretsa, mwanangu?"

Namphepo anagwada n'kunena zonse, osabisa kanthu. Mayiwo anayang'ana msomaliwo.

"Ndiye kuti nkhope yawo ili m'mutu mwangamu basi," anatero. "Nanga mutuwu ukadzayamba kuiwala?"

Potuluka, a Sajeni anamutsatira ndi ndodo yawo mpaka kumsewu.

"Leka kulira, misozi sitsuka chithunzi. Ife kunkhondo mnzathu akasowa sitinkati wapita tisanasake tchire lonse. Paperete paja makamera analipo angati?"

"Ambiri, agogo."

"Nanga munthu wamtali ngati uja angabisale pamakamera onsewo? Kasake."

Mawu amenewo ndiwo anamudzutsa. Anayamba kuyenda situdiyo ndi situdiyo, akupempha kuona manegetivu, mafilimu otsukidwa kale, a tsiku limenelo. Ena ankamuseka kuti, "Abale, Namphepo wabwera, tsekani mawindo!" Ena ankamulola atawatsukira mabeseni a mankhwala ndi kukolopa pansi. Iye ankakolopa, kenako n'kukhala pawindo ndi kagalasi kokulitsira, akuyang'ana kumbuyo kwa anthu ojambulidwa, nkhope ndi nkhope.

Anapeza akuluakulu a boma, anapeza bandi, anapeza ana a sukulu. Tsiku lina anapeza chigongono cha munthu wamtali chitadulidwa m'mphepete. Analira, kenako anapitiriza.

Ine ndinali ndi kamera yakale imene anasiya mchimwene wanga. Ndinamupatsa. Chaka chotsatira anaonekeranso paperete, anthu akumuloza ndi milomo. Madala anali atatsala asanu ndi mmodzi. A Sajeni atamuona anakuwa gulu lonse likumva:

"Namphepo! Filimu yaluma?"

Iye anakweza kamera m'mwamba n'kukoka, kachitsulo kaja n'kuzungulira onse akuona.

"Yaluma, agogo!"

Madala anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira pamenepo unakhala mwambo wawo, chaka ndi chaka. Ndipo iye anadziikira lamulo: zithunzi za perete azitsuka tsiku lomwelo, mawa lake azikapereka yekha khomo ndi khomo. Ankati nkhalamba suiuza kuti idikire sabata yamawa.

Chimene sanadziwe n'chakuti kusaka kuja kunali sukulu. Munthu amene wayang'ana zithunzi zikwizikwi za anzake amadziwa pamene kuwala kumagwera bwino, amadziwa amene amadula anthu mitu, amadziwa kuti nkhope yabwino nthawi zambiri ili kumbuyo, pamene mwini wake sakudziwa kuti akujambulidwa. Anzake akamathamangira akuluakulu oika nkhata, iye ankadikira perete athe. Ankajambula madala atavula nsapato pansi pa mtengo, akusisita mapazi, wina akumangira mnzake mendulo imene yapendekeka, wina akuyang'ana malo a pa benchi amene chaka chatha panali munthu.

Zithunzi zimenezo zinayamba kuyenda. Anyuzipepala anazifuna, mabanja a asilikali anayamba kumuitana, ndipo patapita zaka zisanu ndi chimodzi anatsegula situdiyo yake. Pachikwangwani analembapo dzina lomwe lija ankamunyoza nalo. Ndinamufunsa chifukwa chake, anati, "Ndisamaiwale kuyang'ana kachitsulo."

Koma musaganize kuti mtima unakhala pansi. Chaka chilichonse perete akatha ankapita kwa akazi a malemu aja ndi kathumba ka shuga, ndipo chaka chilichonse msomali unali pomwepo, ukuchita dzimbiri. Ana awo ankafuna kupachikapo kalendala, mayiwo n'kuwakaniza.

"Pali mwini wake pamenepo," ankatero.

Benchi ija inkangopunguka. Asanu, anayi, atatu. Mayiwo maso anayamba kuchita nkhungu, ndipo tsiku lina anamugwira dzanja Namphepo n'kumunong'oneza kuti, "Mawu awo ndikuwamvabe, koma mphuno ndi pakamwa zayamba kundithawa." Namphepo anabwera kushopu kwanga tsiku limenelo, anangokhala pampando mpaka nditatseka.

Chaka cha khumi ndi chimodzi, makamera a filimu anali atatha ntchito. Masitudiyo akale ankatsekedwa, manegetivu n'kumatayidwa. Namphepo ankawatola pa wilibala. M'tauni monse munatsala khomo limodzi lokha limene anali asanagogodepo, ndipo mukulidziwa.

Ankadzitonthoza kuti abwana ake akale sanali kuperete, anali kuukwati. Koma zoona zake n'zakuti ankachita manyazi. Pobwera kwa ine ankazungulira njira ya kuseri kuopa kudutsa pakhomo pawo. Atamva kuti nawonso akutseka ndipo makatoni awo akukawotchedwa, anaima panja nthawi yaitali, kenako analowa.

"Bwana, ndabwera kudzapempha zinyalala zanu."

Bamboyo anali atakalamba, tsitsi lili mbuu. Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Zaka zonsezi ndimamva kuti ukuyenda m'masitudiyo a anzanga. Kunoko kuli mkango? Tenga, mwana wanga."

Anapeza envulopu ya ukwati wa tsiku lija. Abale inu! Galimoto za ukwati zinapeza msewu utatsekedwa chifukwa cha perete, zinaima pafupi ndi chipilala. Abwanawo, posafuna kungokhala, anajambula mkwatibwi atasuzumira pawindo la galimoto. Kumbuyo kwa velo lake, pamwamba pa mitu ya anthu, panali bambo wamtali atangotsitsa lipenga pakamwa, mutu utapendekeka.

Kukuwa kwake ndinakumva ndili kushopu, nyundo inandigwa m'manja. Zaka khumi ndi chimodzi, nkhope ija inali kuseri kwa khoma limene ine ndinkatsamirapo tsiku ndi tsiku!

Anakulitsa chithunzicho mosamala, mkwatibwi n'kumuchotsa, ine n'kukhoma felemu yabwino kuposa zonse zimene ndinakhomapo. Sitinadikire mawa. Tinadzera kwa a Sajeni, amene pa asanu ndi awiri aja anali atatsala okha, tinawanyamula n'kuwakweza m'galimoto.

Titafika, akazi a malemu aja anachitengera pakhomo pamene pali dzuwa. Anachiyandikitsa mpaka mphuno kugunda galasi, chala chikuyenda pang'onopang'ono pa chipumi, pa tsaya, pa khutu logontha lija.

"Ndi iwowa," anatero. Kenako anaseka misozi ikutsika. "Taonani tayi! Ndinawauza ine kuti yakhota, iwo n'kumakana."

A Sajeni anadzuka pampando popanda wowagwira, anaongola msana, n'kuchitira sailuti mnzawo.

"Wachedwa paperete, Lipenga," anatero. "Koma wafika."

Ine ndinatulutsa msomali watsopano m'thumba, poti wakale uja unali utadyeka ndi dzimbiri. Mayiwo anandigwira mkono.

"Ayi, bambo. Pachikani pa umene anakhoma okha."

Ndinapachika, mtima uli m'manja. Msomali unagwira.

Lero madala onse aja anapita, mayi ajanso anatsikira kuli chete. Perete akadalipo, koma ine ndikaima pamsewu ndimasowa fungo lija la majekete akale, ndimasowa ndi mawu a a Sajeni. Namphepo ndi amene tsopano asilikali amamupatukira njira, ndipo ali ndi ophunzira ake. Makamera ake alibenso filimu, komabe bandi ikangoyamba ndimamuona akuyang'ana mbali ija kunkakhala kachitsulo, milomo ikuyenda. Ndikudziwa zimene amayankha.

Tsono inu amene mwalakwitsa chinthu chachikulu, amene anthu akupatsani kale dzina, mverani kuno. Mtsikana ameneyu filimu sinamutayitse zambiri. Manyazi ndiwo anamudyera milungu itatu yoyamba ija, manyazi omwewo n'kumudyeranso zaka khumi ndi chimodzi. Khomo limene mukulizungulira lija, kagogodeni lero. Kwinakwake kuli munthu amene sanazule msomali wake, akudikira inu. Mtima wanuwo musautaye, dzukani mukasake.