Mapazi a Mayi Gam

Kwathu ku Tam Coc, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje, aliyense amapalasa bwato ndi mapazi, koma mayi Gam ndiye anali akatswiri. Ankatsamira kumbuyo, mapazi pankhafi, manja akusenda lalanje, bwato likungoyenda myaa pakati pa minda ya mpunga. Zidendene zawo zinali ming'alu yokhayokha, ndipo iwo analibe nazo manyazi. Amene ankachita manyazi ndi mwana wawo, Nhan.

"Ine zopalasa alendo ndi mapazi ayi, amayi," anatero Nhan tsiku lomwe ankapita kubanja ku Korea. "Ndingafe ndi miyendo ya chule ngati yanuyi."

"Pita!" anakalipa mayi Gam, pakuti nawonso sankasunga mawu m'kamwa. "Miyendo ya chuleyi ndi imene yakulera."

Basi, mawu amenewo anangokhala pakati pawo. Pafoni ankangofunsana za mvula ndi za mbuzi. Patapita zaka unabwera uthenga woti Nhan wamwalira, ndipo anamuika konko, mayi ake osaona n'komwe nkhope. Chiyambire pamenepo funso limodzi linkawadya mumtima mayi Gam: kodi mwana uja anafa akunyansidwabe ndi kwawo?

Mpunga utayamba kucha, mkamwini anabwera ndi mdzukulu wawo, Yerin, kamtsikana ka nsapato zoyera mbee. Anabwera ulendo wogona tsiku limodzi. Mayi Gam anaotcha nyama ya mbuzi, nakazinga nkhoko za mpunga, koma mwana anangonunkhiza.

"Bwera kuno, mwanawe, ndine agogo ako."

Iye n'kubisala kumbuyo kwa bambo ake. Chilankhulo chathu sankadziwa ngakhale moni. Zinawapweteka mayi Gam, osanama ayi.

Masana onse atatu anatsikira padoko kuti apite pabwato kukachisi wa patsinde pa phiri, kuseri kwa phanga lodutsamo mtsinje, akamufukizire lubani malemuyo. Mayi Thuoc, opalasa anzawo, anali pomwepo, pakamwa pawo posatseka paja.

"Lero mwapeza alendo aulere, a Gam! Muwauze akamwiniwo aweramitse mutu, angakasiye chipumi kuphanga."

"Khalani chete inu, kulongolola ngati bakha!"

Anadutsa m'phanga, madzi akudontha kuchokera kudenga, n'kutulukira kukachisi. Mayi Gam anayatsa timitengo ta lubani, nayesa kumugwiritsa mwana kamodzi. Yerin anayetsemula, n'kubisa manja kumbuyo. Mayi Gam anazika okha timitengoto m'mbale ya phulusa. Anati mumtima, kaya, ndiye kuti Nhan ku Korea kuja sananditchuleko n'kamodzi komwe.

Pobwerera mayi Gam ankangopalasa pang'onopang'ono. Mawondo ankawaliralira, ndipo atayandikira phanga lija anachotsa mapazi pankhafi kuti apumeko. Apo anangomva nsapato kugwa m'bwato, gu, gu. Yerin anali atavula. Anatsamira pamiyendo ya bambo ake, n'kukweza timapazi m'mwamba, n'kuyamba kupalasa mphepo: kukankha, kupinda chidendene, kubweza. Kupinda kumeneko n'kwa mayi Gam okha, Tam Coc yense amadziwa. Kenaka kamtsikanako kanaloza phanga, n'kukuwa m'chilankhulo chathu chenicheni, mawu kukoka ngati wakuno:

"Weramani, alendo! Weramani!"

Mayi Gam anangoti kukamwa yasa. Mkamwini, yemwe anatolako mawu athu pang'ono kwa mkazi wake, anafotokoza modukizaduka, maso ali pansi.

"Amayi ake. Masiku onse, pamphasa. Ankati, agogo ako amayendetsa bwato chonchi. Ankati palibe wowaposa."

Mayi Gam sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anamunyamula mwanayo n'kumukhazika pamiyendo pawo, naika timapazi take pankhafi, mapazi awo ong'aluka aja pamwamba pake. Mwana sanathawe. Anakankha ndi mphamvu zake zonse, bwato n'kuyamba kuzungulira pamodzimodzi, iye akuseka kikiki. Agogo ake anali akulira, kulira kwenikweni kwa pamaliro kumene sanalire uthenga utabwera.

"Nhan iwe! Mwana wanga iwe! Bwanji sunandiuze? Pafoni paja tinkatha nthawi ndi nkhani za mbuzi bwanji?"

Atafika padoko, mayi Thuoc anatsegula pakamwa kuti aponye kachipongwe, koma atawaona nkhope anangokoka chingwe n'kuwamangirira bwato.

M'mawa mwake galimoto inabwera. Yerin anavalanso nsapato zake zoyera, nakweza dzanja pawindo mpaka pokhota. Mayi Gam anatsikira padoko chifukwa inali nthawi yawo yonyamula alendo. Atafika pakhomo pa phanga anatsegula pakamwa kuti akuwe kuti "Weramani, alendo!" monga mwa masiku onse, koma mawu sanatuluke. Anangogogoda m'mbali mwa bwato ndi dzanja, alendowo n'kuwerama okha.