Makoswe atatu kuseri kwa kabati

Mayi amene tonse m'parishi muno tinkawatcha Amayi a Makoswe anakulira m'nyumba ya mlonda wa tchalitchi, ana asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi. Sukulu sanapite nayo patali. Amuna awo atamwalira, anapeza ntchito yotsuka timakola ta makoswe oyera pamalo ofufuzira mankhwala. Anaigwira zaka makumi awiri, Misa ya m'mawa osaiphonya.

Kumeneko akatswiri ankawononga dala chiwindi cha makoswe, kenako n'kuwabaya mankhwala osintha malangizo a m'maselo kuti chiwindicho chimerenso. Chinkameradi. Pakatha masabata khumi ndi awiri ankayeza magazi, n'kulemba kuti makoswe achira, n'kuwapha monga mwa lamulo. Amayi ankangoti nzeru zochiza chinthu kuti chife chili bwino zinawapitirira.

Chaka china mtima unawakanika. Anapatula makoswe atatu amene anayenera kuphedwa, n'kuwabisa kuseri kwa kabati yosungira utuchi. Patatha miyezi isanu ndi itatu, akuwasisita pamimba, chala chinagunda kanthu kolimba. Onse atatu anali ndi zotupa.

Nthawiyo n'kuti Pulofesa, mkulu wa akatswiriwo, atapempha kale chilolezo choyesera mankhwalawo pa anthu. Kuulula kunali kudzichotsa ntchito, pomwe kunyumba kunali adzukulu anayi. Mwana wawo wamkazi anawachonderera kuti atseke pakamwa, poti khoswe sakadandaula kwa munthu.

Lolemba analowa m'chipinda cha msonkhano, apuloni ili yonyowa, n'kuika khola la makoswe atatuwo patebulo, pakati pa makapu a tiyi. Mmodzi mwa akatswiri anawerenga nambala za m'makutu mwa makoswewo katatu konse. M'buku lake onse anali akufa.

"Amayi, mukudziwa chimene mwachita?" anafunsa Pulofesa.

"Ndikudziwa, bwana, ndinaphwanya lamulo. Koma tagwirani apa."

Pulofesa anagwira, n'kukhala pansi. Akatswiri asanu ndi anayi, makina okwera mtengo, koma panalibe amene anadikirapo kuti aone sabata lakhumi ndi chitatu.

Kuyesa pa anthu kunaimitsidwa. Amayinso anachotsedwa ntchito sabata lomwelo, chifukwa lamulo silinasinthe. Anayamba kuchapa zovala m'makomo mwa anthu mpaka manja atakana, osanenapo aliyense zoipa. Tikawakwiyira m'malo mwawo, ankatiuza kuti mkwiyowo tisunge, tidzaufuna pa zathu.

Anamwalira mwezi wathawu masana, korona yopempherera ili m'manja. Wansembe atabwera kudzawadzoza mafuta, iwo anapempha mokweza, tonse tikumva, kuti Mulungu awakhululukire ponamiza mabwana awo miyezi isanu ndi itatu. Wansembe anayang'ana ife, ife tinayang'ana pansi. Amayi anadikira mpaka atamva kuti akhululukidwa, kenako anatseka maso.