Chipanda choyamba cha Rozina

Lachiwiri lapitali ndinali pa dima kwa Rozina, kutsidya kwa dambo lathu kuno ku Nsaru, ndipo ndinamwa mowa umene sindinaukonzekere.

Rozina ndi mwamuna wake Yohane kwawo ndi ku Mulanje. Anabwera chaka chatha kudzalima fodya kwa mzungu, kenaka anapempha kamunda ka chimanga kumalire a mudzi wathu. Mvula itangoyamba, Yohane anadzitema ndi nkhwangwa pamwendo, mpaka lero ali gone kuchipatala cha kumishoni. Koma udzu sudikira wodwala. Chimanga chinayamba kuchita chikasu m'kati mwa tchire, ndiye mtsikanayo anachita zimene aliyense wa ife akadachita: anafulula mowa naitana anthu kuti adzamupalirire.

Tinapita ochepa, makasu khumi ndi awiri okha. Dzuwa litafika paliwombo, munda uli pakati, tinakhala pansi pa mkuyu kuti tinyowetse kukhosi. Rozina anabwera atasenza mbiya. Atavundukula, tonse tinasuzumira. Mowawo unali wofiira, wa mapira, osati wotuwa ngati wathu wa chimanga ndi chimera cha mawere. Fungo lake lokha linkaitana munthu.

Mwambo mukuudziwa, anzanga. Mwini mowa ndiye amatunga chipanda choyamba, namwa anthu onse akuona, kuchotsa ufiti. Rozina anagwada, natunga, nakweza chipanda mpaka pachibwano. Pomwepo anatembenuza nkhope. Anayesanso, osatheka. Kenaka anachipereka osamwa kwa a Chisale, alamu anga, amene anali aakulu pagulupo.

Alamuwo sanatambasule dzanja.

"Mayi, kodi kwanu mowa amayamba ndi alendo?"

Rozina anayankha motsitsa mawu kuti lero sangathe. Atamufunsa chifukwa, anangoyang'ana pansi. Manong'onong'o anayamba. Wina anatchula ndulu ya ng'ona. Wina anati anthu a kwa mzunguwa sitikudziwa kumene amaika maliro awo, ndiye tingadziwe bwanji zimene amaika m'mbiya? Amuna awiri anayamba kusasa dothi kumakasu awo, kuonetsa kuti akupita.

Taganizani zimene zikadatsatira. Theka la munda likadatsala m'udzu, ndiye kuti njala m'nyumba ya wodwala. Koposa apo, dzina. Munthu akangotchedwa wothira mankhwala m'mowa, ngakhale pachitsime anzake amachotsa mitsuko yawo pafupi naye.

Ine ndabereka ana asanu ndi mmodzi, Mulungu alemekezeke, ndipo m'mawa wonsewo ndinkamuona mtsikanayo. Akafika kumapeto a mzere ankalavula malovu. Popita kukatenga mbiya anapatukira pachulu natswa kadothi n'kuponya m'kamwa. Zinali zoonekeratu. Rozina ali ndi pakati poyamba, ndipo fungo la mowa likumutembenuza mtima. Nanga akadanena bwanji? Mimba yoyamba sitchulidwa pamaso pa amuna, ndipo mwini wake saitchula mpaka amayi aakulu atabwera kudzamulangiza. Mayi ake ali ku Mulanje. Alibe azakhali kuno, alibe ngakhale mnansi wamkazi womuimira. Mwambo wina unkamuuza kuti imwa, wina unkamutseka pakamwa.

Ndisanamizire kulimba mtima. Nanenso mawu aja a ndulu anandiopsa. Chaka chonse mtsikanayu wakhala kutsidya kwa dambo, ine sindinapondepo pakhomo pake, ngakhale kuti Lamulungu timagwada pamphasa imodzi m'tchalitchi. Ndinatchula dzina la Amayi Mariya mumtima, n'kukhwekhwerezeka pamaondo kufika pamene panali mbiya.

"Bweretsa kuno, mwanawe. Mowa wa mwana amachotsa ufiti ndi mayi wake."

"Alamu," anatero a Chisale, "mwana wa ku Mulanje munabereka liti?"

"Lero lomwe lino, inu muli pompano."

Ndinamwa. Anzanga, mtsikana uja amadziwa kufulula. Mowa wake ndi wosalala pakhosi, wowawasa pang'ono kumapeto, wopanda masese ambiri okhala m'mano. Alamu anauza anthu kuti adikire kaye aone, ndipo kuti ndikagwa khasu langa latsopano atenga ndi iwowo. Bambo a kwathu anawayankha kuti atengenso ana onse asanu ndi mmodzi. Nditapempha chipanda chachiwiri, alamuwo anandilanda m'manja, amvekere ufiti wachoka kale, wotsalawu ndi wa olima. Amuna awiri aja anakhalanso pansi mwakachetechete.

Dzuwa lisanapendeke kwenikweni munda unali mbee, nyimbo ili pakamwa.

Chichokere kumeneko ndakhala ndikusinkhasinkha. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mumapemphera kumene mowa saulola, ndipo sindikukutsutsani. Nanenso ndaona mabanja amene mowa wawapasula, ndaona bambo akugwa m'ngalande ana ake akuyang'ana. Kachasu ndiye sindimufuna n'komwe pakhomo panga. Koma mbiya ya pa dima ndi ina. Ndiyo imapalira munda wa mayi wamasiye, ndiyo imakweza denga la wodwala. Ndipo ikafika nyengo ya masika, midzi itatulutsa mbiya zake pabwalo, ndani sakondwa kumva amayi akupikisana, awa akuti chimera chathu, awo akuti madzi a chitsime chathu? Wa ku Nambuma ali ndi dzanja lake, wa ku Mpingu lake. Amuna athu obwera ku Halale amakamba za mowa wa kumeneko mpaka makutu kuwawa. Mulungu sanalenge mbewu imodzi yokha.

Nanga bwanji mbiya za alendowa sitinaziitanepo? Fodya wabweretsa anthu a zilankhulo zosiyanasiyana pakati pathu. Timagula nawo mchere m'sitolo imodzi, ana athu amasambira limodzi padambo, koma pa chisangalalo cha masika amaonera patali ataima m'mbali mwa msewu. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Awa si mame ayi. Mwana wa Rozina mchombo wake udzagwera panthaka ino, ndipo adzalankhula ngati ana anu ndi anga.

Mwambo wochotsa ufiti si woipa. Makolo anauika kuti anthu amwe mtima uli m'malo. Koma anauika akudziwa kuti mwini mowa ali ndi abale ake pambali, oti iye akalephera wina aimirira. Mwambo tausunga, koma taiwala kuti masiku ano pali anthu ogwada okha, kumbuyo kwawo kulibe munthu.

Chimene chikundipatsa chiyembekezo ndi chakuti mitima ya anthu athu siili youma, imangofuna wina ayambe. Loweruka m'mawa tinapita amayi anayi kwa Rozina kukamulangiza monga ayenera kulangizidwa mwana wa pakati poyamba, n'chifukwa chake lero ndatha kulemba nkhaniyi poyera. Amene anatsogolera anali akazi a bambo uja anatchula ndulu. Ananyamula nsengwa ya ufa ndi mtedza, ndipo pobwerera anatsalira m'mbuyo akufunsa kuti mapira amawanyika masiku angati. Rozina analira pang'ono, kenaka anaseka, natiuza kuti masiku onse atatu ofulula mowawo ankatakasa atamanga nsalu kumphuno. Tagwirizana kuti pa masika mbiya yake idzaima pabwalo pamodzi ndi zathu. Alamu anga atumiza kale mawu kuti idzakhale yaikulu.

Dzulo Rozina anapita kuchipatala kukauza Yohane kuti chimanga chabiriwiranso, ndi nkhani ina ija.

Kwanuko nakonso mlendo wotere alipo, kuseri kwa chigafa cha fodya kapena kumalire a munda wanu. Tsiku lina adzakuitanani, adzagwada ndi chipanda, ndipo padzakhala chinthu chimene sangathe kunena. Kodi mayi wake tsiku limenelo adzakhala ndani?